Kokani pa Mlatho Wofiira

Bokosi la chakudya la a Hatanaka linali ndi kachingwe kachikasu kotulukira m'mbali. Munthu akakakoka, kathumba ka madzi kankang'ambika kunsi kwa mpunga, madziwo n'kukumana ndi laimu, ndipo bokosi linkayamba kulira kuti fwiii, nthunzi ikutuluka m'ngodya zonse. Akadikira pang'ono n'kutsegula, ankapeza mpunga wa nkhuku ndi bowa wakumapiri uli wotentha ngati wangophulidwa kumene. Aliyense wodutsa pa siteshoni ya Kurasawa ankaidziwa bento imeneyi, monga amatchulira bokosi la chakudya kumeneko, ndipo ambiri ankangoitchula kuti "ya chingwe".

Wophika anali Torao Hatanaka, wogulitsa anali mkazi wake Shigeko. Anagawana ntchito motero kalekale, chifukwa Torao akaima pa kauntala ankacheza ndi wogula mmodzi mpaka sitima kunyamuka ena asanagule. Tsopano onse awiri anali ndi imvi, ndipo mwana wawo Chizuru anali atakwatiwa kutali, kuzilumba zakumwera.

Chaka chimenecho njanji inafika ku bwalo la ndege. Kale munthu wofuna kukwera ndege ankatsikira mumzinda waukulu, n'kuguza masutikesi kuwoloka msewu kukafuna basi. Tsopano sitima yochokera kumizinda yakumpoto inkaima pa Kurasawa, kenako n'kupitirira mpaka kukalowa kunsi kwa bwalo lenilenilo. Shigeko anaikonda njanji yatsopanoyo kuyambira tsiku loyamba. Chizuru anabwera ndi khanda lake osadandaula za msana, ndipo mabento ankatha dzuwa lisanafike pamutu.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Mmawa wina, m'nyengo yokolola mpunga, mkulu wa siteshoni, Bambo Komuro, anafika pa kauntala chipewa chili m'manja. Shigeko ataona chipewacho anadziwa kuti munthuyo sanabwere kudzagula.

"Mayi Hatanaka, pepani kukusokonezani pa ntchito."

"Sokonezani, sitima yapita kale. Ndikuthirireni tiyi?"

"Ayi, zikomo. Nkhani yake ndi ya chingwe."

Anafotokoza akuyang'ana pansi. Laimu wotenthetsera chakudya saloledwa mundege, kaya ali m'chikwama cha m'manja kaya m'sutikesi. Anthu ankagula ya chingwe pa Kurasawa, n'kukafika nayo ku bwalo yosatsegula, ndipo alonda a pachipata ankawalanda. Olandidwawo ankadandaula ku likulu la kampani ya njanji kuti anagulitsidwa pa siteshoni chinthu chosaloledwa.

"Akulikulu akuti madandaulo akapitirira mpaka kugwa chipale choyamba, ya chingwe isamagulitsidwenso pano," anatero Bambo Komuro. "Mukhoza kumagulitsa yozizira."

Torao anasuzumira pawindo la khitchini, kansalu kali pamutu. "Yozizira akagule ku golosale, bwana. Ife timagulitsa nthunzi, mpunga timangowonjezerapo."

"Palinso china." Bambo Komuro anatembenuza chipewa chija. "Anakujambulani."

"Ine?" anafunsa Shigeko, akugwira tsitsi.

"Bokosi. Chithunzi chake chili pa bolodi la zinthu zoletsedwa. Chili pakati pa mpeni ndi makombola."

Torao anaseka mpaka kugwira chitseko. "Mwamva, amake Chizuru? Ukalamba uno tasanduka zigawenga."

Shigeko sanaseke. Ya chingwe ndiyo inatchukitsa dzina la banja lawo. Iye ndi Torao anailawa ndi kuikonza mpaka kupeza bowa amene safota ndi nthunzi, ndipo popanda kachingwe kaja iwo akanakhala ogulitsa mpunga wamba. Koma chimene chinamuzunguza kwambiri chinali china.

"Ulendo wa ku bwalo ndi wokwanira kudya, kutokosa m'mano, ndi kuodzera pang'ono," anatero. "Akulekeranji kudyera m'sitima?"

Bambo Komuro anati sakudziwa, nawerama, navala chipewa chawo.

Kuyambira tsiku limenelo Shigeko ankauza wogula aliyense wokhala ndi sutikesi kuti, "Mudyere m'sitima, mundege salola." Onse ankawerama n'kuyankha kuti amva. Koma mlungu utatha Bambo Komuro anadutsanso, ndipo chipewa chinali m'manja.

"Tiyeni tikadzionere tokha," Shigeko anauza mwamuna wake.

Mawa lake anagulitsa kwa okwera sitima ya mmawa, natseka kauntala mofulumira, navula epuloni ndi mpango, ndipo awiriwo anakwera sitima yomweyo ali ndi mabokosi awiri m'kathumba. Popanda epuloni, palibe wogula ndi mmodzi yemwe amene anamuzindikira.

Shigeko anali asanakwerepo sitima yatsopanoyi. Sitima zakale za ulendo wautali ankazidziwa: munkamveka fungo la nsomba zouma ndi mowa, agogo akusenda manachesi, ana akuthamanga pakati pa mipando. Iyi inali ina. Pansi panali kapeti, masutikesi anali atandandalikidwa pamalo ake pafupi ndi chitseko, ndipo mawu olengeza ankamveka motsika m'zinenero zingapo. Anthu anali chete ngati m'chipinda chodikiriramo dokotala. Anavala zovala zawo zabwino za ulendo wa pandege, aliyense atadzisonkhanitsa pampando wake kuti asakhudze mnzake.

Tizingwe tachikasu tinali ponseponse. Kena kankasuzumira m'chikwama, kena kanali pamiyendo ya mtsikana wogona. Kutsidya kwa kanjira kunali bambo wina wa suti yotuwa amene anaika bokosi lake pa katebulo. Shigeko anamuona akuika chala pa kachingwe, nayang'ana kumanja, nayang'ana kumanzere, kenako n'kubweza dzanja. Kutsogolo kunali amayi awiri achikulire, ndipo mmodzi ananong'oneza mnzake kuti, "Tisiye, fungo lingavutitse anthu. Tikaonera konko."

Torao anasisita mimba. "Njala yandigwira."

"Musayerekeze," anayankha Shigeko monong'ona.

"Ndadzuka tambala asanalire kuphika mpunga umenewu. Ndisaudye?"

"Simukuona kuti palibe amene akudya? Mukufuna anthu onsewa atiyang'ane?"

"Kodi tabwera kudzatani?"

"Tabwera kudzaona, osati kudzanunkhitsa zovala za anthu."

Atangonena zimenezi anamva yekha mawu ake, ndipo anatseka pakamwa. Torao anamuyang'ana ndi diso limodzi, natulutsa bokosi lake.

Sitima inatuluka m'minda ya mpunga n'kukwera mlatho wofiira umene umadutsa pamene mtsinje umathirira m'nyanja. Mawilo anasintha kulira kwake, ndipo mbali zonse ziwiri kunaoneka madzi okhaokha ndi timabwato ta asodzi. Pamenepo Torao anakoka.

Fwiii. Nthunzi inakwera mpaka kudenga. Fungo la nkhuku ndi bowa linayenda mpando ndi mpando ngati kondakitala. Shigeko anamva makutu ake akutentha. Anawerama kumanja, nawerama kumanzere, nawerama ngakhale kwa mpando wopanda munthu. "Pepani. Pepani kwambiri. Ndi achikulire awa, samva."

"Ndikumva bwinobwino," anatero Torao, akulekanitsa timitengo take todyera.

Kenako kutsidya kwa kanjira kunamveka fwiii wina. Bambo wa suti yotuwa uja anali atakoka, maso ali pawindo ngati sindiye. Amayi awiri aja anayang'anana, naseka atatseka pakamwa ndi manja, nakoka. Mtsikana wogona uja anadzutsidwa ndi fungo, nafufuza kachingwe kake. Sitima isanamalize mlatho, mawindo a ngolo yonseyo anali atachita nkhungu.

Shigeko yekha ndiye sanakoke. Anakhala atagwira bokosi lake ndi manja awiri, manyazi ndi chimwemwe zikulimbirana malo mumtima. Anaonerera bambo wa suti uja akudya mpaka kambewu kotsiriza, napukuta pakamwa, namanganso bokosi bwinobwino. Pamene sitima inkalowa pansi pa nthaka, aliyense anali atatha, ndipo potsika anaponya mabokosi awo m'bini ya pa siteshoni.

Anakwera masitepe oyenda okha, natulukira m'holo yaikulu yowala. Torao ankayang'ana kudenga pakamwa pali yasa. Shigeko anapita molunjika kumene anthu ankafola kuti alowe pachipata cha alonda, ndipo bolodi lija analipeza.

Linali monga ananenera Bambo Komuro: mpeni, makombola, ndi pakati pake ya chingwe. Koma chithunzicho chinali cha bokosi lophwanyika ngodya, pepala lake litanyowa, kachingwe kakulendewera ngati mchira wa khoswe.

"Taonani zimene atichita," anatero Shigeko.

"Zigawenga sizijambulidwa zitasamba," anayankha Torao.

Pafupi ndi bolodilo panaima mlonda, mayi wamsinkhu wapakati wovala magolovesi oyera, dzina lake lolembedwa pachifuwa kuti Nagase. Kumbuyo kwake kunali tebulo, ndipo patebulopo panali kale mabokosi angapo osatsegula, ochokera m'ngolo zina za sitima yomwe ija. Mayi Nagase anaona bokosi m'manja mwa Shigeko, nawerama.

"Pepani, mayi, limenelo mundege silingalowe."

"Sindikwera ndege. Ndine amene ndimagulitsa."

Mayi Nagase anaweramanso, ulendo uno motsika kwambiri. "Ndinu a ku Kurasawa? Pepani. Miyezi yonseyi ndakhala ndikulanda anthu chakudya chanu. Chimanunkhira ngakhale chisanatsegulidwe."

"Mumachita nacho chiyani?"

"Timataya. Lamulo sililola kuti tidye."

Shigeko anayang'ana mabokosi aja. Mayi ake anamulera ndi mawu akuti wosiya mpunga m'mbale maso ake adzachita khungu, ndipo apa panali mpunga wophikidwa mmawa womwewo ukudikira bini. Zimenezi zinamupweteka kuposa chithunzi chija.

"Timawauza kuti akhoza kukadyera pabenchi apo asanalowe," anapitiriza Mayi Nagase, akuloza benchi yaitali pafupi ndi zenera. "Amayang'ana benchiyo, amayang'ana anthu, kenako amati, basi tengani."

Ali chilankhulire, panafika mkulu wina wa chipewa cha nsalu, ndodo kudzanja lina, ya chingwe kudzanja linalo. Mayi Nagase anamufotokozera. Mkuluyo anayang'ana benchi, nayang'ana khamu la anthu, ndipo anayamba kupereka bokosi lake.

"Agogo," anatero Shigeko, "inenso ndili nalo langa, ndipo njala yandipweteka. Koma ndekha ndikuchita manyazi. Bwanji tikakokere limodzi?"

Mkuluyo anaganiza pang'ono. "Limodzi ndiye zikhoza kutheka," anatero.

Anakakhala pabenchi paja, mabokosi pamiyendo. Shigeko anakweza chibwano ngati chizindikiro, ndipo anakoka nthawi imodzi. Nthunzi ziwiri zinakwera. Anthu ena anacheuka, namwetulira, napitiriza ulendo wawo, ndipo denga silinagwe. Mkuluyo anafotokoza kuti akupita ku ukwati wa mdzukulu wake ndipo ndege sanaikwerepo. Anati bowa wake ndi wokoma, kungoti mchere unachepa pang'ono.

"Mchere uli bwino, lilime ndi limene lakalamba," anatero Torao, amene anaima chapafupi.

"Khalani chete, bambo a Chizuru. Wogula salakwa."

Asananyamuke, Shigeko anabwerera kwa Mayi Nagase. "Chithunzi chimenechi chikhale, lamulo ndi lamulo. Koma ndikutumizirani china. Ngati tili pakati pa mpeni ndi makombola, tikhalepo titavala bwino."

Mayi Nagase anaseka, nati akafunsa akuluakulu.

Pobwerera, sitima inafikanso pa mlatho wofiira. Shigeko anayang'ana zitsulo zake zikudutsa pawindo, kenako anagwira mkono wa mwamuna wake.

"Sikuti safuna kudya. Palibe amene akufuna kukhala woyamba."

"Ine ndinayamba."

"Inu mulibe manyazi, zimenezo tinazidziwa pa ukwati wathu. Koma onse akakokera pamalo amodzi, woyamba palibe."

Mawa lake mawu a pa kauntala anasintha. Shigeko popereka bokosi ankanena kuti, "Mukoke pa mlatho wofiira. Onse amakokera pamenepo." Ogula ankabwereza okha, "Mlatho wofiira," ngati akuloweza dzina la mankhwala.

Sitima itapita, Torao anasuzumira pawindo lake. "Onse ake ati? Mwayamba kunamiza anthu ukalamba uno?"

"Si bodza, ndi zoona zimene sizinafikebe. Ndipo amene azifikitse ndinu. Mukamaliza kuphika, vulani kansalu kanu, mukakwere."

Motero Torao anapeza ntchito yachiwiri. Mpunga ukapsa ndi mabokosi akamangidwa, ankavala jekete yake ya kumaukwati, n'kutenga bokosi limodzi, n'kukwera sitima ya mmawa, lero ngolo iyi, mawa ngolo ina. Pa mlatho wofiira ankakoka monyadira, ena n'kutsatira. Ku bwalo ankapereka moni kwa Mayi Nagase, n'kuonerera ndege zikunyamuka, kenako n'kubwerera ndi nkhani zambirimbiri: za mzungu amene anakoka kachingwe bokosi lili chozondoka, za kondakitala amene ankachedwa dala m'ngolo yonunkhira. Tsiku lina anabwera ndi uthenga woti chithunzi chatsopano chaikidwa pa bolodi, ndipo anthu ena akumaima n'kufunsa kuti chakudya chokongolacho chimagulitsidwa kuti.

Masamba a m'mapiri anafiira, nayoyoka. Mphepo inayamba kuluma zala. Shigeko ankayang'ana kumwamba mmawa uliwonse, koma ankagona bwino, chifukwa Torao ankati tebulo la Mayi Nagase likunka lichepa katundu.

Chipale choyamba chinagwa mmawa wina Torao atakwera kale. Chinali chopyapyala, chongoyeretsa madenga. Shigeko ankapukuta kauntala pamene anaona Bambo Komuro akubwera. Anayang'ana manja awo. Chipewa chinali pamutu.

"Mayi Hatanaka, ya chingwe yatsalapo?"

"Imodzi yokha. Ndi ya ndani?"

"Yanga. Akulikulu akuti nkhani ija yatha, pitirizani." Anatsokomola pang'ono. "Kungoti pabwera dandaulo lina. Anthu ena akuti pa mlatho wofiira mawindo amachita nkhungu, ndiye akulephera kujambula nyanja."

"Ndiye akulikulu akuti bwanji?"

"Akuti kondakitala aziyenda ndi kansalu."

Shigeko anamanga bokosilo, nalipereka ndi manja awiri. Bambo Komuro anafunsa ngati munthu wosakwera sitima amaloledwa kukoka popanda mlatho, ndipo iye anawauza kuti akakokere muofesi, chitseko chili chotsegula, kuti fungo lifike kwa okwera.

Masana Torao anatsika sitima yobwerera nkhope ili yokwinya. Anadutsa kauntala osapereka moni, nakakhala pa kampando ka m'khitchini jekete asanavule.

"Kwagwanji?" anafunsa Shigeko. "Mwataya chikwama?"

"Andiyambira."

"Ndani?"

"Onse. Mawilo atangogunda mlatho, ine ndikufunafuna kachingwe, ngolo yonse fwiii. Mpaka mayi wina anandigwira paphewa n'kunena kuti, agogo, musachite manyazi, pano onse amakoka."

Shigeko anatembenukira kukhoma kuti mwamuna wake asaone nkhope yake, koma mapewa ake ankagwedezeka. Atapezanso mpweya anamuthirira tiyi, namuuza za Bambo Komuro ndi chipewa chawo.

Torao anamwa tiyi wake pang'onopang'ono. "Ndiye kuti ntchito yanga yatha?"

"Yatha. Mawa mukhale, mundithandize kutsuka bowa."

Torao anayang'ana chipale chikusungunuka panjanji.

"Komabe ngolo yakumbuyo ija sindikuikhulupirira," anatero. "Mumakwera anthu aulemu kwambiri. Ndikaionenso Lachisanu."

Shigeko anatenga jekete ija, naikung'untha, naipachika pa msomali wa pafupi ndi chitseko, pamene Torao sakanavutika kuipeza.